Sopo safuna dzanja, amafuna sikelo

Mayi wina wa ku Matawale wandilembera imelo. Akuti anapanga sopo koyamba, papita masiku anayi koma adakali wofewa ngati majarini, pamwamba pakuyandama mafuta ndipo m'mbali mwachita zoyera ngati ufa. Zonse anayeza ndi kapu monga anawaphunzitsira. Amalizira ndi mawu akuti: "Mwina ine ndilibe dzanja."

Achemwali, mawu amenewo andipweteka, chifukwa inenso ndinawalankhulapo ndili pakhonde ku Chinamwali, misozi ili chuchuchu.

Ine ndinayamba sopo ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene mtengo wa sopo unkasintha ukangopita kumsika. Gulu lathu la banki mkhonde linasonkha ndalama n'kuitana munthu woti atiphunzitse tsiku limodzi. Anati kapu imodzi ya kositiki (soda waukali wopangira sopo), makapu akutiakuti a mafuta, basi. Sanatiuze kuti kapu yake ndi yotani. Sanatiuzenso za poto. Nditafika kunyumba ndinatenga poto wa aluminiyamu wa apongozi anga, ndipo nditangothiramo kositiki, madzi anayamba kuwira okha, kuda bii, nthunzi yotsamwitsa ili tolotolo. Poto uja anadyeka mkati. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kositiki akakumana ndi aluminiyamu amatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umayaka moto, ndipo mbaula inali pafupi pomwepo, mwana akusewera m'mbali mwake.

Ulendo wachiwiri sopo anauma bwino, wooneka ngati wa m'sitolo. Ndinachapira tsiku lachitatu. Pofika madzulo zala zinali zitasupuka, ndipo kwa sabata yathunthu sindinkatha kugwira mthiko. Anzanga ena ankati mwina pali munthu wandichitira nsanje. Panalibe munthu. Kositiki anachuluka, ndipo sopoyo anali asanakhwime.

N'chifukwa chake ndikunena mosabisa: amene amaphunzitsa amayi kuyeza kositiki ndi kapu akulakwa, ndipo asiye. Kositiki wina amabwera ngati timibulu, wina ngati timapale, ndiye kapu imodzimodziyo singalemere mofanana. Lita imodzi ya mafuta ophikira si kilogalamu, imalemera pafupifupi magalamu 920. Komanso mafuta alionse amadya kositiki wakewake: kilogalamu ya mafuta a mpendadzuwa kapena a soya imafuna magalamu pafupifupi 135, pomwe ya kokonati imafuna oposa 180. Kapu ikudziwa bwanji zimenezi? Wogulitsa nyemba pamsika wa Zomba ali ndi sikelo, koma ife tikusewera ndi mankhwala otha kuchititsa khungu popanda sikelo.

Agogo anga ku Domasi ankatcheza chidulo cha phulusa chophikira therere, ndipo ankadziwa mphamvu yake pongochigwira ndi zala. Apo ndiye panali dzanja. Chidulo ndi m'bale wake wa kositiki, kungoti mchere wake ndi wa potaziyamu, umene umapanga sopo wofewa, osati wa mtanda. Koma kositiki wogulayu ndi waukali kutalitali. Sayesedwa ndi zala.

Palinso nyengo yathu kuno. Tili m'munsi mwa phiri la Zomba, mvula ikayamba chinyezi chimalowa paliponse, ndipo chiperoni cha mu June ndi July nachonso sichisiya chinthu chouma. Kositiki amayamwa madzi a mumpweya. Mukagula womangidwa m'kajumbo, wochita mabuma, dziwani kuti mbali ina ya kulemera kwake ndi madzi ndipo mphamvu yachepa. Ine ndimasunga wanga m'botolo la pulasitiki lotseka kwambiri, pamwamba posafika ana.

Tsono sopo wanuyo

Zoyera zija zisakudetseni nkhawa. Zimabwera kositiki wa pamwamba akakumana ndi mpweya, ndipo zimachoka ndi nsalu yonyowa. Vuto ndi mafuta oyandamawo: kaya kositiki anachepa, kaya munasiya kutakasa msanga. Mafuta a mpendadzuwa amachedwa kugwirana, ndipo ndi mthiko mutha kutakasa kupitirira ola asanafike polimba ngati phala loti mukadonthetsa pamwamba, kamzere kamatsala.

Musataye. Valani magolovesi, bwezerani zonse, ndi madzimadzi omwe, mu poto wa sitilo wosachita dzimbiri, muphike pamoto wochepa mukutakasa mpaka zigwirane n'kuoneka ngati vaselini, kenako mubwezere m'chikombole. Mukadula, muike pamthunzi popita mphepo kwa masabata 4 mpaka 6. Akadzakhala woyabwa m'manja, akhale wokolopera, osasambira.

Ulendo wina yesani magalamu 700 a mafuta a mpendadzuwa, 300 a mafuta a ng'ombe osungunula ndi kusefa, 129 a kositiki ndi 330 a madzi a mvula. Kositikiyo ndamuchepetsa dala pang'ono kuti sopo asakhale waukali, ndipo mafuta a ng'ombe ndi amene amalimbitsa. Thirani kositiki m'madzi, osati madzi mu kositiki, muli panja. Akakudontherani pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo akalowa m'maso, tsukani n'kuthamangira kuchipatala.

Sikelo ikakuvutani kugula nokha, sonkhani pagulu ngati mmene ife tinachitira. Yathu imagona kwa msungichuma, ndipo aliyense amakabwereka tsiku lake.