Chimene chinalepheretsa Atlas Shrugged pa kanema si ndalama

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira zopanga mafilimu. Wawerenga Atlas Shrugged ya Ayn Rand mpaka tsamba lomaliza, waonera mafilimu onse atatu ochokera m'bukuli, ndiye akufunsa ngati anaipa chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, kapena buku lotere silingasanduke filimu n'komwe. Achimwene, nkhaniyi yakhala ikundisowetsa mtendere kwa zaka zambiri, choncho mundipirire, ndilankhula motalika.

Kwa amene simunaliwerenge, bukuli linatuluka mu 1957 ndipo masamba ake amapitirira 1,100. M'nkhaniyi dziko la America likugwa pang'onopang'ono, boma likuchulukitsa malamulo opanikiza amalonda, ndipo eni mafakitale, akatswiri a sayansi ndi anthu ena aluso akungosowa mmodzimmodzi. Kenako timadziwa kuti ali pa sitalaka, ndipo wawakopa ndi munthu wotchedwa John Galt. Amene watsala kulimbana nazo ndi mayi wina, Dagny Taggart, woyendetsa kampani ya njanji ya banja lake, limodzi ndi Hank Rearden amene anatha zaka khumi akupanga chitsulo chatsopano cholimba koma chopepuka. Chiphunzitso cha Rand n'chakuti munthu akhalire moyo wake, asadzipereke nsembe chifukwa cha wina, ndipo boma lichotse manja pa malonda. Maganizo amenewa ali ndi kochokera. Rand anabadwira ku St Petersburg mu 1905, ndipo ali mtsikana anaona achikomyunizimu akulanda sitolo ya mankhwala ya bambo ake. Anafika ku America mu 1926 bala limenelo lisanapole, ndipo sindikhulupirira kuti linapolapo. Bukuli litangotuluka anthu anagawikana, ndipo si okonda boma okha amene analida. Whittaker Chambers, yemwe naye ankadana kwambiri ndi chikomyunizimu, analinyoza koopsa m'magazini ya National Review chaka chomwecho.

Kufuna kulipanga filimu kunayamba kale. Mu 1972 Albert Ruddy, amene anali atangotulutsa The Godfather, anapita kwa Rand kukapempha chilolezo. Rand anati mawu omaliza pa sikiripiti akhale ake, Ruddy anakana, zinathera pomwepo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 a kampani ya TV ya ku America ya NBC anatsala pang'ono kulipanga sewero la pa TV la magawo angapo, koma utsogoleri utasintha anazisiya. Rand anamwalira mu 1982 akulemba yekha sikiripiti yomwe sanaimalize. Mu 1992 wamalonda wina wokonda kwambiri bukuli, John Aglialoro, anagula chilolezo, n'kukhala nacho zaka 18. Panamveka mayina akuluakulu, ngakhale la Angelina Jolie, koma palibe chinachitika. Mu June 2010, kutangotsala masiku ochepa kuti chilolezo chithe, anayamba kujambula mothamanga. Filimu yoyamba inatuluka mu April 2011 ndipo sinapeze ngakhale madola 5 miliyoni. Yachiwiri inabwera mu 2012, yachitatu mu 2014, ndipo yomalizayi sinafike ndi pa dola miliyoni imodzi. Filimu iliyonse inali ndi wotsogolera wake ndi osewera ake atsopano, moti Dagny anaseweredwa ndi amayi atatu osiyana: Taylor Schilling, Samantha Mathis ndi Laura Regan.

Ndiye inde, ndalama zinachepa, nthawi inachepanso, ndipo zimaonekeratu. Koma ndikukana kuti vuto lenileni linali limenelo, ndipo ndikukana chifukwa cha zimene ndinaziona ndekha.

Zaka zingapo zapitazo ndinkalemba masewero a pa wailesi, aja amene mabungwe amalipira kuti mufalitse uthenga. Lina linali lokhudza kukwatiwitsa ana aang'ono. Ndinalemba za bambo wina amene chimanga chake chinapsa ndi dzuwa, ali ndi ngongole ya feteleza kwa katapila, ndipo mwana wake wamkazi wangokhoza mayeso a Sitandade 8. Kenako kunabwera mnyamata wochokera ku Joni, atanyamula shuga, bulangete ndi foni, n'kunena kuti ngongoleyo aibweza yonse. Munali gawo lina limene bamboyo ali yekha usiku, akuwerenga matumba amene atsala m'nyumba, n'kuyambiranso kuwerenga ngati kuti achuluka. Sanalankhule zambiri. Amene ankasewera bamboyo anali mkulu wodziwa ntchito, ndipo tikujambula mawu m'kachipinda kotentha kaja, kokhomedwa mathireyi a mazira m'makoma, ankangopuma mwamphamvu n'kumagogoda thumba ndi chala. Mnyamata wa pa makina anasiya kutafuna chingamu chake. Tonse tinkadziwa kuti bamboyo achita cholakwika, ndipo tonse tinkamumvera chisoni.

A bungwe aja atamvera anati ayi. Akuti bamboyo wakoma mtima kwambiri, omvera angamukhululukire. Anandiuza kuti ndimusandutse chidakwa chomenya mkazi, ndiponso kumapeto kubwere anamwino afotokoze kuipa kwa mimba za ana mwatsatanetsatane. Ndinayesetsa kuwafotokozera kuti bambo amene akumvera wailesi pakhonde pake, amenenso ali ndi ngongole ndi mwana wamkazi, sangadzione mwa chidakwa chimenecho. Angoti, "Amenewo ndi ena, ine si wotero," n'kupitiriza zomwe amaganiza. Koma ndalama zinali zawo. Tinajambulanso. Mayi amene ankasewera namwino anawerenga ndime yake yaitaliyo bwinobwino, atamaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mawu awa sakukhala pakamwa pa munthu." Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa uthengawo unali woona ndipo unkafunika kufika, koma tinauphera m'manja mwathu pofuna kuti wina aliyense asaumve molakwika.

Nditawerenga Atlas Shrugged ndinazindikira matenda omwewo, kungoti apa mwini uthenga ndi wolemba yemweyo. Pafupifupi aliyense wotsutsana ndi Galt ndi wamantha, waulesi, wansanje, wankhope yofewa ndi maso othawathawa. James Taggart, mchimwene wake wa Dagny, salankhulapo mfundo imene munthu woganiza angaime nayo kaye. M'buku zimenezi zimabisika pang'ono chifukwa mawu a wolemba amakunyamula, ndipo Rand ankadziwa kukoka nkhani. Koma kamera ikaloza nkhope ya munthu wamoyo, woonera amafuna kudziwa chimene munthuyo akuopa ndi chimene akuteteza. Akapeza kuti mkatimo mulibe kanthu, mkangano wonse umafa, ngakhale mutathirapo madola mamiliyoni angati.

Umboni wake uli m'mabuku a Rand yemweyo. Mu 1942, nkhondo ili mkati, ku Italy anapanga filimu yochokera m'buku lake loyamba, We the Living, osamupempha n'komwe. Wotsogolera anali Goffredo Alessandrini, ndipo Alida Valli ndiye anasewera Kira, mtsikana amene ali pakati pa nkhaniyo. Boma la Mussolini poyamba linailola poganiza kuti ikunyoza chikomyunizimu chokha, kenako linaichotsa litaona kuti anthu akuimva ngati yodzudzula ulamuliro wankhanza uliwonse. Rand ataionera pambuyo pake anaikonda, ndipo ambiri amati ndiyo filimu yabwino koposa yochokera m'zolemba zake. Mukudziwa chifukwa? M'nkhaniyi muli Andrei, wachikomyunizimu wokhulupirika, woona mtima, amene amamukondadi Kira. Kira amagona naye kuti apeze ndalama zochizira chifuwa chachikulu cha mwamuna wina amene amamukonda. Mdani wa maganizo a wolemba ndiye munthu amene umamulirira. Pamenepo filimu ili ndi pogwira.

Tsono pali mutu wina mu Atlas Shrugged umene sindingaudumphe, chifukwa ndi pamene mtima wanga unasiyana ndi bukuli. Sitima yonyamula anthu ikuyenera kudutsa m'ngalande yaitali ya pansi pa phiri ku Colorado. Injini ya dizilo palibe, koma wandale wina amene wakwera sitimayo akuopseza kuti apite basi. Akuluakulu a njanji aliyense akukankhira mnzake udindo, palibe wofuna kusayina, mpaka akulowetsa injini ya malasha m'ngalandemo, anthu n'kufa ndi utsi. Mbali imeneyo inalembedwa mwaluso, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito mu ofesi mmene anthu amaopa bwana kuposa choonadi aizindikira. Koma kenako Rand amayenda chipinda ndi chipinda m'sitimamo kutiuza zimene aliyense ankakhulupirira. Uyu ndi mphunzitsi wa ku yunivesite wonyoza luso la munthu payekha, uyu ndi mtolankhani, uyu ndi mayi amene wagoneka ana ake awiri, mwamuna wake amagwira ntchito m'boma yokakamiza malamulo aja. Cholinga chake n'chakuti tione kuti palibe wosalakwa. Ine ndinakwiya. Ana awiri aja analakwa chiyani? Ndipo ndikunenetsa kuti filimu iliyonse yoona mtima ikangoonetsa nkhope za anawo, chiphunzitso cha tsambalo chimagwa, chifukwa woonera aliyense aima ndi mayiyo. Kamera siingathe kuda anthu mmene tsambalo likuwadera. Opanga filimu okonda Rand amakhala pamphanda: akamvera bukulo mokhulupirika, filimu ikhala yankhanza, akamvera kamera, asiyana ndi mphunzitsi wawo. Aglialoro ndi anzake anasankha kukhala ophunzira abwino. Anafika poitana olankhula za ndale pa TV ku America, Sean Hannity ndi Glenn Beck, komanso wandale Ron Paul, onse osafuna kuti boma lizilowerera pa malonda, kuti aoneke m'mafilimumo, zimene zikusonyeza kuti ankalankhula ndi otembenuka kale.

Musandimve ngati ndikulitaya bukuli. Ulendo woyamba wa sitima pa njanji yatsopano ya chitsulo cha Rearden, Dagny ali kutsogolo mu injini, umandithamangitsa mtima. Ulemu umene Rand amapereka kwa munthu wodziwa ntchito yake, amene sabisala kuseri kwa komiti, ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse.

Za mawu a Galt

Aliyense amafunsa za amenewa. Chakumapeto kwa buku Galt amalanda wailesi ya dziko lonse n'kulankhula kwa maola atatu, masamba pafupifupi 60, amene Rand anawalemba kwa zaka ziwiri. Filimu ya 2014 inawafupikitsa kufika mphindi zochepa, ndipo anakhala ngati mitu ya nkhani chabe. Koma kuwasiya aatali sikukanathandizanso. Zinayesedwapo kale mu 1949, pamene King Vidor anapanga filimu ya The Fountainhead, buku lina la Rand, Rand atalemba yekha sikiripiti. Gary Cooper ankasewera Howard Roark, wojambula mapulani a nyumba amene anaphulitsa nyumba zomwe ena anasintha pulani yake. Rand anaumirira kuti mawu a Roark m'khoti asadulidwe, ndipo anatenga mphindi pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Mukaonera mumaona munthu waluso ataima chilili, akunena zimene analoweza. Zithunzi za nyumba zazitali ndi za pamalo ophwanya miyala m'filimu yomweyo zimanena zambiri kuposa mawuwo.

Chonsecho Rand ankaidziwa kanema. Atangofika ku Hollywood anagwira ntchito kwa wotsogolera mafilimu Cecil B. DeMille, poyamba ngati mmodzi wa anthu odzaza chithunzi mu The King of Kings, kenako m'gawo la masikiripiti. Ndipo m'bukumo muli malo amene anaganiza ngati wa kanema. Rearden anatenga chitsulo choyamba kutuluka mu ng'anjo yake n'kusulitsa chibangili chobiriwira cha mkazi wake Lillian. Pa phwando, Lillian akuchinyoza pamaso pa alendo, akuti angachisinthanitse ndi chibangili cha dayamondi nthawi ina iliyonse. Dagny akuvula chake cha dayamondi n'kumupatsa pomwepo. Palibe amene wachita ulaliki, koma mwadziwa kale amene akuona zaka khumi za thukuta ndi amene akuona kachitsulo kotchipa, ndipo mwadziwanso amene adzakondane. Filimu yonse inkayenera kumangidwa ndi zinthu zotere.

Ndipo pali Eddie Willers, amene ndimamuganizira kuposa onse. Ndi wothandizira Dagny kuyambira ubwana, wakhama, wokhulupirika, koma si katswiri wodabwitsa. Kuchigwa chobisika kumene anthu a Galt anathawira iye sakafikako. Timamusiya m'chipululu cha Arizona, sitima itafa, apaulendo onse atakwera ngolo n'kupita, iye akukana kuisiya. Ambirife, kuphatikizapo amene amalikonda bukuli, ndife Eddie. Wopanga filimu wolimba mtima akanaika kamera pa iye kuyambira poyamba, kuti sitalaka ija tiione ndi maso a munthu wabwino amene wasiyidwa.

Yankho lanu ndiye ili, achimwene. N'zotheka, koma osati kwa munthu amene amaopa wolemba. Pangani filimu imodzi, osati itatu, kapena sewero la pa TV lokhala ndi osewera omwewo mpaka kumapeto. Isiyeni nkhaniyo m'nthawi ya sitima ndi wailesi, musaikokere ku 2016 n'kumapeka zifukwa zoti anthu akwerebe sitima, monga inachitira filimu ya 2011. Mawu a Galt amveke pang'ono chabe, kamera ili pa omvera. James Taggart mumupatse mfundo imodzi yoona imene Dagny avutike kuiyankha. Ndipo musanayambe zonsezi fufuzani amene ali ndi chilolezo cha bukulo, chifukwa popanda chimenecho sikiripiti yanu ingokhala yophunzirira.