Sikelo yaima pa 82, koma siketi ikugwa m'chiuno

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo anandilola kuyankha poyera bola ndisatchule dzina. Mwachidule anati:

"Ndinayamba majowajowa mu Marichi ndili ndi makilogalamu 86. Pofika Meyi ndinatsika kufika pa 82. Kuchokera pamenepo patha masabata 9, sikelo yangoima nji. Ndimayenda m'mawa uliwonse, Loweruka ndimapita ku jimu. Siketi yanga ya kutchalitchi ikugwa m'chiuno, masitepe a kuntchito ndimakwera osachita wefuwefu, anzanga akuti ndasintha. Koma ndikakwera pasikelo ndimafuna kulira. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndingosiya?"

Achemwali, musasiye. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa mmene mtima umawawira m'mawa woterowo. Inenso ndinadutsamo. Chaka china ndinkakwera phiri la Soche kawiri pa sabata, lamba ndinali nditabweza mabowo awiri, koma sikelo ya kubafa inakhala pa nambala imodzimodzi kwa miyezi iwiri yathunthu. Tsiku lina nditatsika pasikelopo ndinakhala pamphepete pa bedi, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, n'kuganiza kuti thukuta lonseli lapita pachabe. Sindinapite kuphiri tsiku limenelo, ngakhalenso sabata yotsatira. Ndimadandaula nawo masiku amenewo, chifukwa thupi linali likuyenda bwino lomwe.

Sikelo imayeza zonse pamodzi, mafupa, minofu, mafuta, magazi, madzi, nsima ya dzulo usiku imene ikadali m'mimba. Siitha kukuuzani kuti chachoka n'chiti, chabwera n'chiti. Ndipo chimene chimasinthasintha kwambiri mwa zonsezi ndi madzi. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kulemera mosiyana ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri pakati pa Lolemba ndi Lachitatu popanda mafuta kuwonjezeka kapena kuchepa. Mukadya zamchere wambiri, monga usipa wouma kapena tchipisi cha pachiwaya, thupi limasunga madzi. Ife amayi, masiku oyandikira kumwezi, madzi amachuluka ndithu, mpaka mphete imathina pachala. Mukalimbitsa thupi mwamphamvu, minofu imatupa pang'ono pamene ikudzikonza, ndipo kutupako ndi madzinso.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Minofu ndi chiwindi zimasunga shuga wapadera wotchedwa glycogen, woti mugwiritse ntchito pothamanga kapena ponyamula zolemera. Munthu wamkulu amasunga pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imakhala ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Thupi likazolowera masewera limayamba kusunga wochulukirapo. Choncho mafuta akhoza kumachoka mwakachetechete, madzi n'kumabisa nkhaniyo pasikelo kwa masabata angapo.

Nanga siketi ija ikugweranji? Kilogalamu ya mnofu ndi kilogalamu ya mafuta zimalemera chimodzimodzi, koma mafuta amatenga malo aakulu. Kilogalamu ya mafuta imadzaza malita pafupifupi 1.1, pamene ya mnofu siifika lita imodzi. Mafuta akamachoka pamimba, minofu n'kumalimba m'ntchafu ndi kumsana, thupi limaphwa pamene kulemera kuli pomwepo. Siketi yanu ndi mboni yoona. Nsalu siinama, ndipo telala wanu akakuyezaninso lero, buku lake lionetsa manambala osiyana ndi a mu Marichi.

Apa ndilankhule mosabisa, chifukwa ndimaona anthu pa Facebook akutonthozana kuti "ndi minofu imeneyo" pa chilichonse. Minofu imakula pang'onopang'ono kwambiri, makamaka kwa ife amayi, ndipo kawirikawiri siifika ngakhale kilogalamu imodzi pa mwezi. Kuyenda kokha sikukuza minofu yambiri. Ndiye masabata 9 onsewa sitingawakankhire ku minofu ndi madzi basi. Mbali ina ndi yakuti thupi la makilogalamu 82 limafuna chakudya chocheperako kuposa la 86, ndipo munthu akayamba masewera njala imakula osazindikira. Chimene chinkakutsitsani mu Marichi mwina lero chikungokusungani pomwe mulipo.

Taonani manambala awa. Kuti kilogalamu imodzi ya mafuta ichoke pamafunika kuwotcha makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 7,700. Kuyenda mwandawala kwa mphindi 30 kumawotcha 150 kapena kupitirira pang'ono kwa munthu wolemera ngati inu. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Ndiye ganizirani mmene timathirira mafuta mu mpiru ndi mu nyemba, molunjika kuchokera m'botolo, osayeza. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi magalamu 35 a shuga, omwe ndi masipuni a tiyi oposa 8. Onjezani mandasi awiri a pa 10 koloko, kapu ya Sobo madzulo, shuga wa mu tiyi, thobwa la kuchinkhoswe. Ine chimene chinandigwira chinali mtedza wokazinga. Ndinkatafuna pa desiki tsiku lonse ndikudziuza kuti ndi chakudya chabwino, ndipo n'chabwinodi, koma dzanja limodzi lodzaza limabweza zonse zimene ndinawotcha m'mawa.

Sindikunena kuti musiye nsima. Amene amalumbira kuti sadzagwiranso mtanda ndi omwe amabwerera mwaukali pakatha mwezi. Chitani chonchi kwa sabata imodzi yokha: lembani m'kope chilichonse cholowa m'kamwa, ngakhale cholawa pophika. Osasintha kanthu, kungolemba. Lamlungu muwerenge nokha. Mupeza malo amodzi kapena awiri oti mudulepo popanda kuvutika, mwina mitanda itatu kukhala iwiri, ndiwo zamasamba n'kuchuluka m'mbale, mwina kuyamba kuyeza mafuta ndi sipuni. Nyemba, mazira, nsomba ndi soya zisasowe, chifukwa ndizo zimasunga minofu pamene mafuta akuchoka, ndipo zimakhalitsa m'mimba. Mchere nawo, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti usafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi sipuni ya tiyi imodzi, kuphatikiza wa m'zakudya zogula.

Tsopano za kayezedwe. Musakwere sikelo yanu m'mawa, ya kuchipatala masana, kenako ya anyamata a m'mbali mwa msewu ku Old Town madzulo. Masikelo amasiyana, ndipo nsapato ndi zovala nazo zimalemera. Sankhani imodzi, muiike pa simenti yosalala, muziyeza mukangodzuka, mutapita kuchimbudzi, musanadye. Ngati mtima wanu umapirira, yezani katatu pa sabata n'kumayang'ana nambala yapakati, poyerekeza mwezi uno ndi mwezi watha pa nthawi yofanana ya msambo. Ngati nambala ikukuwonongerani tsiku, monga zikumvekera mu imelo yanu, ikani sikeloyo pansi pa bedi kwa masabata anayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'malo mwake gulani tepi ya telala pamsika. Yezani chiuno pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya koma osakoka mimba. Malangizo a zaumoyo a ku Britain a mu 2022 amati chiuno chikhale chosafika theka la kutalika kwanu. Ngati ndinu wamtali masentimita 160, cholinga ndi kutsika pansi pa 80. Ine ndimakhulupirira muyeso umenewu kuposa sikelo, chifukwa mafuta a m'mimba ndi amene amayenda limodzi ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndipo dziwani kuti makilogalamu 4 amene mwachotsa ndi pafupifupi 5 peresenti ya kulemera kwanu koyamba, mlingo umene madokotala amati umayamba kale kuthandiza BP ndi shuga. Mukapita kuchipatala pemphani akuyezeni BP, mulembe m'kope lomwelo.

Masewera anu ali bwino. WHO imalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo inu mwina mukukwanitsa kale. Imalangizanso kulimbitsa minofu masiku awiri pa sabata, pamene inu muli ndi Loweruka lokha. Tsiku lachiwiri silifuna ndalama za jimu. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5. Chinyamuleni pachifuwa, muzinjuta ndi kudzuka pakhonde. Njira yoyenda m'mawa ija thupi laizolowera, ndiye sakani kamtunda kapena onjezani liwiro kwa mphindi ziwiri, kupuma, n'kubwerezanso. Tulo natonso tisamachepe, pakuti munthu wosagona mokwanira amamva njala yambiri tsiku lotsatira.

Chomaliza simunachitchule, koma ndichinene chifukwa ena owerenga chikuwakhudza. Mankhwala ena amachititsa kuti thupi likanirire kapena linenepe. Jakisoni wa kulera wa Depo amatero kwa amayi ena. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri m'Malawi muno anayamba kumwa kuyambira 2019, amawonjezera thupi kwa anthu ena. Chithokomiro, chiwalo cha pakhosi, chikamagwira ntchito mofooka chimachitanso zomwezo, limodzi ndi kutopa ndi kumva kuzizira. Ngati chimodzi mwa izi chikukukhudzani, chonde musasiye mankhwala panokha. Tengani kope lanu, mukakambirane ndi adokotala kapena anamwino amene amakuonani.

Achemwali, yezani chiuno mawa m'mawa, mulembe tsiku ndi nambala. Pakatha masabata anayi mundilemberenso, mundiuze zimene tepi yanena komanso zimene mwapeza m'kope lija. Siketi ya kutchalitchi ipititseni kwa telala akaibweze Lamlungu lisanafike.