Kodi nkhani yopeka ndi bodza? Kuyankha imelo ya mayi wina

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amathandiza mwana wawo homuweki madzulo. Akuti mwanayo anabwera ndi mabuku awiri kuti anene kuti la fiction (nkhani zopeka) ndi liti, la nonfiction (zochitikadi) ndi liti, ndiye iwo anangomuuza kuti fiction ndi zabodza nonfiction ndi zoona, koma mtima sunakhale m'malo. Akufunsa ngati anayankha bwino, komanso kuti munthu angadziwe bwanji akangoligwira bukulo.

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Simunaphonye kwenikweni ayi, koma mawu oti bodza aja ndi amene ine sindigwirizana nawo, ndipo zimandiwawa ndikamva ana akuphunzitsidwa choncho chifukwa amayamba kuona ngati kuwerenga nkhani zopeka nkutaya nthawi. Wabodza amafuna mukhulupirire zomwe iye akudziwa kuti sizinachitike. Wopeka nkhani sakubisirani kanthu, iye akudziwa kuti wapeka, inunso mukudziwa, mwagwirizana kuyambira patsamba loyamba.

Kusiyana kuli pa zomwe wolembayo walonjeza. Wolemba zochitikadi akunena kuti zimene ndalembazi mukafufuze kwina mukazipeza chimodzimodzi. Akalemba kuti nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inatha mu 1945 ali bwino, akalemba 1950 walakwa basi palibe kozembera. Koma wina atha kupeka msilikali, nkumupatsa dzina, mkazi, bala pamwendo, nkumubweza kwawo mu 1945 yemweyo. Chakacho nchoona, nkhondoyo inachitikadi, koma msilikaliyo sanabadwepo, ndiye bukulo ndi lopeka ngakhale muli zoona zambirimbiri. Apa mpamene ana ambiri amasokonekera.

Tsopano zogwira bukulo m'manja. Muyambire kumbuyo. Mukapeza masamba a timalemba ting'onoting'ono, mawu atandandalikidwa kuyambira A mpaka Z ndi manambala pambali, monga "njovu, 14, 37, 52", imeneyo ndi index ndipo pafupifupi nthawi zonse imapezeka m'mabuku a zochitikadi, chifukwa mabuku amenewa sitiwerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto, timangodumphira pomwe tikufuna. Zina zonsezo ntchito yake ndi yomweyo, kuti musasochere: zamkatimu kutsogolo, timitu ting'onoting'ono mkati mwa chaputala, mawu olembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri omwe matanthauzo ake mumawapeza kumapeto, mapu, matebulo, ndi kachiganizo kamene kamakhala pansi pa chithunzi. Kachiganizo kameneka ana amakadumpha kwabasi, chonsecho nthawi zambiri yankho la funso limakhala pompo.

Buku lopeka limakugwirani mwanjira ina. Muli atengambali, malo, vuto lomwe likukula mpaka pachimake, anthu akuyankhulana. Mukadumpha machaputala atatu mwatayika.

Koma musamuuze mwana kuti zizindikirozi ndi lamulo. Mabuku ena opeka amakhala ndi mapu a dziko lomwe kulibe, ndipo mbiri ya moyo wa munthu itha kukoma ngati nthano koma ili yoona. Ngakhale ku laibulale zimasokoneza. Malaibulale ambiri amasanja mabuku potsata manambala amene Melvil Dewey, katswiri wa za malaibulale wa ku America, anawatulutsa mu 1876, sayansi pa 500, mbiri yakale pa 900, ndiye anthu amaganiza kuti buku lililonse la nambala ndi la zoona, koma pa 800 pali ndakatulo ndi masewero a zisudzo.

Mukakayika tsegulani kuseri kwa tsamba la mutu, pamene pamalembedwa chaka ndi osindikiza, mabuku ambiri opeka amanena pamenepo kuti mayina ndi zochitika nzongopeka. Madzulo ano mupatseni mwanayo mabuku awiri aja ayambe yekha kumbuyo, kenako mumufunse kuti pa awiriwa ndi liti limene angakafufuze ngati likunena zoona, ndipo akafufuza kuti.