Agalu, dzuwa ndi mipando ya m'boti: yankho kwa bambo a ku Mufakose

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Mufakose, mu mzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe. Iwo ndi achimwene awo anasonkherana n'kugula boti lakale lowedzera nsomba, lotalika mamita 5, ndipo mwezi ndi mwezi amapita nalo ku damu la Manyame ku Darwendale. Mipando yake yang'ambika, siponji ili pamtunda. Afunsa kwa osoka awiri: wosoka masofa wawauza madola 180, wina amene amasoka za maboti wawauza madola 600. Ali ndi agalu awiri amene sasiyana nawo paulendo. Funso lawo ndi ili: "Nditayirenji 600 pa mipando yoti agalu aing'ambanso? Si bwino kungosoketsa yotchipa, ikatha n'kusoketsanso?"

Bambo, zikomo pondilembera m'chilankhulo chathu. Ntchito yosoka mipando ndinaiphunzira kwa malemu bambo anga, amene anachoka ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya kudzasaka ntchito kuno, ndipo m'manja mwangamu mwadutsa mipando ya mabasi, ya magalimoto ndi ya maboti yosawerengeka. Ndiye ndikuuzeni mosapsatira kuti agalu anuwo mukuwasenzetsa mlandu waukulu kuposa umene apalamula. Amene anapha mipando yanu ndi dzuwa, agalu anangomalizitsa.

Vinyl, chikopa chapulasitiki chokutira mipando, imafewa chifukwa cha mafuta ena amene amasakanizamo pokonza. Dzuwa ndi kutentha zimawatulutsa mafutawo pang'onopang'ono, mpaka chikopacho chimauma ngati tsamba la fodya. Harare ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa la kuno limaotcha zinthu ngakhale m'mwezi wa June pamene ife tikunjenjemera. Vinyl ikakhala yamoyo, chikhadabo cha galu chimaterera, mwina n'kusiya kamzere chabe. Ikauma, chikhadabo chomwecho chimaboola. Yesani nokha: pindani kangodya ka mpando ndi zala ziwiri. Mukaona timing'alu toyera tikutuluka popindikapo, dziwani kuti mpandowo unatha agalu asanakwerepo.

Tsopano za mtengo, pamene pagona nkhani yanu. Anyamata a ku Glen View Area 8, msika wa mipando wa mu Harare, amasoka masofa okongola ndithu, ndipo ndimawalemekeza. Koma sofa imakhala pabalaza, pansi pa denga. Mpando wa m'boti umanyowa, kuuma, kunyowanso, kwinaku ukupsa. Mipando iwiri ikhoza kufanana ndendende tsiku limene mukukaitenga, kusiyana kwake kuli m'kati momwe simuona.

Mwezi watha anandibweretsera benchi ya boti imene inasokedwa chaka chimodzi chokha chapitacho. Pamwamba inkaoneka bwinobwino, kupatula msoko umodzi wotumbuka. Nditaitembenuza, mastepulo onse anali atasanduka dzimbiri, ena ndinkawathothola ndi chala. Thabwa linali la chipboard, lofufuma, lonyenyeka ngati buledi wogwera m'tiyi. Siponji nditaifinya, panatuluka madzi akuda onunkha odzaza kapu. Mwini wake anagwira pakamwa. Iye ankaganiza kuti wabwera kudzasoketsa msoko umodzi.

Choncho musanasankhe, aliyense mwa awiriwo akulembereni papepala zimene adzagwiritse ntchito. Chikopa chikhale marine vinyl yeniyeni, imene anaikamo mankhwala oteteza ku dzuwa ndi ku chuku, ndipo mupemphe kuona mpukutu wake kapena kachidutswa. Mastepulo akhale a stainless steel. Thabwa likhale marine ply yopakidwa mbali zonse ndi m'mphepete momwe, kapena bolodi ya pulasitiki, ndipo aboole timabowo pansi kuti madzi azituluka. Siponji isakhale ya masofa, chifukwa imeneyo imamwa madzi n'kuwasunga. Pali ina yamabowo akuluakulu imene madzi amangodutsa, ndi ina yolimba yosalowa madzi m'pang'ono pomwe. Koma chimene ndimaumirira kwambiri ndi ulusi. Ulusi wa thonje umaola, wa nayiloni umadyedwa ndi dzuwa. Pakufunika wa polyester wokonzedwera panja, kapena wa PTFE ngati thumba likulola. Ulusi ndi kanthu kotchipa poyerekeza ndi ntchito yonse, komabe ndi pamene ambiri amabera, ndipo mpando wambiri umayambira kufa pamsoko chikopa chikadali chabwino.

Zambiri mwa zipangizozi sizipangidwa kuno, zimadutsa pa Beitbridge, chipata cha m'malire ndi South Africa, ndipo zimagulidwa ndi madola. Mpukutu wa vinyl umakhala masentimita 137 m'lifupi, ndipo mpando umodzi wa msodzi wokhala ndi chotsamira umadya pafupifupi mita imodzi ndi theka. Werengani mipando yanu, muwonjezere benchi, siponji, thabwa ndi masiku a munthu wophwasula, kujambula patani ndi kusoka. Mudzaona kuti pa madola 180 zinthu zonsezi sizingakwanemo, penapake pasiyidwa. Sindikunena kuti wa 600 ndi wolungama chifukwa choti wadula. Nayenso alembe, ndipo akakana kulemba musamupatse ntchito.

Mtengowo ukhoza kutsika popanda kuwononga ntchito. Sankhani mtundu umodzi wokha. Mizere yamitundumitundu ndi timikombero tokongoletsa m'mphepete zimachulukitsa misoko, msoko uliwonse ndi malipiro, komanso ndi mzere wa timabowo tolowera madzi ndi pokodwa chikhadabo. Mtunduwo ukhale woyera kapena wotuwa pang'ono. Wakuda ndi wabuluu wakuda amakongola m'galaja, koma mukadzapita ku Kariba mu October, pamene kutentha kumapyola madigiri 40, simudzakhalapo ndi kabudula, ndipo mapazi a galu adzapsa. Ngati ndalama sizikukwana, soketsani mipando iwiri imene mumakhalira chaka chino, benchi idikire chaka chamawa. Kuteroko kuli bwino kusiyana n'kusoketsa zonse ndi zipangizo za pabalaza.

Za agalu tsopano. Galu sang'amba mpando atagona. Amang'amba pamene boti lagunda funde iye n'kukanikiza zikhadabo kuti asagwe, ndiponso podumpha kutsika kapena kukwera, pamene miyendo yakumbuyo imakankha ndi mphamvu zonse. Wengani zikhadabo masiku awiri kapena atatu ulendo usanafike, ndipo muzipale ndi fayilo, chifukwa chikhadabo chongowengedwa kumene chimakhala chakuthwa kuposa chakale. Musaiwale kachikhadabo kam'mwamba kam'kati mwa mwendo, kamene sikakhudza pansi ndiye sikaperepeseka kokha. Kenako apatseni malo awoawo: mphasa ya labala yosaterera pansi pa boti, pamthunzi. Galu amakwera pampando chifukwa pansi pakuterera kapena pakutentha, mukakonza zimenezo amatsika yekha. Ngati pali mpando umene amaukonda zivute zitani, usokereni chovala cha kanivasi yokhuthala ya matenti, chomanga ndi zingwe pansi. Chovalacho chikatha mumasintha ndi ndalama zochepa.

Mchenga wa m'mapazi mwawo umapala chikopa ngati sandipepa, choncho atsukeni mapazi asanakwere. Mkodzo ndiye woopsa zedi, chifukwa umalowera m'misoko n'kukakhazikika m'siponji, ndipo ukafika m'menemo palibe sopo amene angauchotse, siponjiyo ndi yotaya basi. Ayendetseni kaye kumtunda musananyamuke. Ngozi ikachitika, pukutani msanga, tsukani ndi madzi osakaniza ndi viniga pang'ono, kenako madzi oyera. Mankhwala okhala ndi ammonia musayerekeze, fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo galu amabwerezanso pomwepo.

Kutsuka kwa masiku onse n'kosavuta: madzi ofunda, kadontho ka sopo wotsukira mbale monga Sunlight, burashi yofewa, kutsukuluza, kupukuta. Jik wosasungunula amadya ulusi ndi kuumitsa chikopa. Petulo, thinners, Vim ndi polishi wa pansi zikhale kutali. Mafuta odzola oteteza ku dzuwa amasiya mawanga achikasu, ndiye yalani thaulo. Mukafika kunyumba imikani makushoni chilili kuti akhe madzi, ndipo boti mulivundikire likauma. Chivundikiro chikhale chopuma, chokwezedwa pakati kuti mphepo izidutsa. M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka March, ndimaona anthu akukulunga boti lonyowa ndi pepala lakuda la pulasitiki, pakatha milungu iwiri mipando yonse ili mawangamawanga a chuku. Nthawi zina pamatuluka banga lapinki limene limachokera ku tizilombo tomera m'siponji yonyowa, ndipo limenelo silichoka ngakhale mukwecheze bwanji, chifukwa limadutsa kuchokera kunsi kwa chikopa.

Pali china chimene simunafunse koma chikundidetsa nkhawa kuposa mipando. Mu December 2024 zipembere zinayi zinafa ku Lake Chivero zitamwa madzi okhala ndi ndere zapoizoni, ndipo madzi a ku Darwendale amachokera mu mtsinje womwewo wa Manyame, kumunsi kwa Chivero. Ndere zimenezi zikhoza kupha galu m'maola ochepa. Tengerani agalu anu madzi akumwa ochokera kunyumba, ndipo mukaona madzi abiriwira ngati athiramo penti musawalole kulowamo kapena kunyambita ubweya wonyowa. Ng'ona nazonso zilimo m'madamu athuwa, ndipo galu wolendewera m'mphepete mwa boti ndi nyambo. Funsaninso pageti ngati agalu akuloledwa pamalo amene mukukaponyera boti musananyamuke kunyumba.

Mukapeza mpata, masulani mpando umodzi, muutembenuze, mujambule kunsi kwake ndi foni n'kunditumizira pamodzi ndi mapepala a osoka awiriwo. Ndikaona thabwa ndi mastepulo ndidzakuuzani ngati matabwa akalewo angagwirenso ntchito, chifukwa ngati ali bwino, pa 600 paja pachoka ndalama yooneka.