Presha siyilowa m'malo mwa filiji achimwene

Achimwene ena aku Johannesburg anditumizira imelo. Akuti anagula FermZilla All Rounder ya malita 30, chigubu chofululiramo mowa chomwe chimasunga presha, wogulitsa nkuwauza kuti mukafulula ndi presha filiji siyofunikanso. Ndiye afulula lager m'galaja mu Disembala, valavu yotulutsa mpweya ili pa 15 psi (psi ndi muyezo wa presha), patatha sabata atsegula, m'tambula thovu lokhalokha, thovulo likatsika mowa uli zii wopanda gasi, kuphatikiza kafungo ngati ka mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Funso lawo nlakuti kodi chigubuchi ndi chabodza?

Ayi achimwene chigubu chilibe mlandu, koma wogulitsayo anakuuzani theka chabe la nkhani.

Tiyambe ndi fungolo. Yisiti ikamadya shuga pamalo otentha imatulutsa tinthu tonunkhira ngati nthochi kapena mankhwala amene mwanenawo, ndipo presha imachepetsako zimenezi, nchifukwa chake anthu amatha kufulula lager ndi yisiti ya W-34/70 pa madigiri 18 mpaka 20 m'malo mwa 12 ya nthawi zonse nkutuluka bwinobwino. Koma kuchepetsako sikuchotseratu. Galaja ya malata mu Disembala imakwera kupyola 30, komanso mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha ndi madigiri angapo, ndiye apa 15 psi singakuthandizeni olo pang'ono. Ngati filiji palibe ikani chigubucho m'beseni la madzi, mukute ndi thawulo lonyowa, muziponyamo mabotolo a ayisi makamaka masiku atatu oyamba, ndi pomwe fungo limapangika. Kapena siyani kulimbana ndi lager, gulani kveik, yisiti ya alimi aku Norway ija, monga Voss, imeneyo pa madigiri 35 imangosangalala. Siikupatsani Green weniweni ayi, imakhala ndi kakomedwe ka malalanje, koma kwa ine bola zimenezo kusiyana ndi lager yonunkha.

Tsopano thovu, apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Geji ikamawerenga 15 psi sikuti gasi yense walowa m'mowa. Mowa wofunda sugwira gasi. Kuti lager ikhale ndi gasi ngati wa m'botolo la kushopu, pa madigiri 4 pamafunika pafupifupi 12 psi basi, koma pa madigiri 20 pamafunika kuyandikira 30 psi. Inu munali ndi 15 pa kutentha koposa apo, ndiye gasi analowa wochepa, wochepayonso anathawira m'thovu pothira. Chibuku mukuchidziwa, chimapitiriza kuwira m'paketi koma mpweya umangotuluka, sichikhala ndi gasi ngati wa m'botolo. Gasi amafuna zonse ziwiri, potsekeka ndi pozizira.

Ulendo wina chitani chonchi. Yambani pa 10 mpaka 15 psi, kuwira kukamazilala mangitsani valavu ifike cha m'ma 25 psi, yisiti imalize ntchito gasi akuunjikana. Osadalira masiku, yezani ndi hydrometer, kachipangizo koonetsa shuga wotsala m'mowa, koma kamowa koyezerako muyambe mwakatakasa gasi achoke apo ayi kakunamizani. Ikawerenga mwina 1.010 lero, mkuja 1.010 yomweyo, wapsa. Ngati munayamba pa 1.045 ndiye mphamvu yake ndi pafupifupi 4.6%. Kenako m'filiji masiku awiri atatu. Mudzaona geji yatsika kwambiri, musaope kuti chikudontha, ndi mowa ukumwa gasi uja, nsenga nayo ikukhala pansi ndipo kapaipi koyandama ka m'chigubumo kazikoka woyera wa pamwamba. Paipi yothirira ikhale yopyapyala ndi yaitali, mamita awiri sizoipa, yaifupi imalavula thovu ngakhale mowa utazizira bwanji. Mukamathira presha imatha, ndiye silinda ya CO2 ndiyofunika, olo kaja ka SodaStream, makina oikira gasi m'madzi akumwa, ndi adaputala.

Za chitetezo musazitenge mwachibwana. Chigubuchi ndi pulasitiki ya PET, malire ake ndi 35 psi, kavalavu kachitetezo ka pachivindikiro osakatseka. Osathiramo zotentha chimapindika, osachisiya padzuwa, osakwecha ndi sitiliwulu chifukwa m'mikwingwirimamo ndi momwe tizilombo timabisala. Nsalu yofewa, kenako mankhwala ophera tizilombo a Star San, basi.

Mowa womwe muli nawowo musathamangire kutaya. Uikeni m'filiji, lumikizani silinda pa 12 psi, muusiye sabata imodzi, gasi abwera ndithu. Fungolo ndiye sindikulonjezani, lochokera ku kutentha silichoka ndi kuziziritsa, mulawe mukatero muone nokha ngati ungamweke.