Gulani tikitiyo achemwali, koma musakathandize kuwomba m'manja

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kutaya ndalama pa tikiti ya usiku wa zaluso uja ku London, womwe akuti kudzakhala jazi, gule wa ku Spain wotchedwa flamenco ndi zojambula za masiku ano, poti mukuopa kukangokhala duu osatolapo kanthu. Ine ndikuti gulani. Koma posankha mpando musakopeke ndi wakumbuyo chifukwa chotchipa. Pezani pamene mungamaone mapazi a wovina.

Mu flamenco mapazi ndi chida choimbira. Nsapato zawo amazikhoma timisomali kuchidendene ndi kuzala, ndiye akamaponda pathabwa amakhala akuliza ng'oma. Ndipo wovinayo ndiye amalamula. Akafuna kuti woimba alowe, kapena kuti nyimbo isinthe, amaponda mwa mtundu wina wake, eni ake amati llamada, n'chifukwa chake maso a wagitala sachoka pa iye. Inu munakulira kumudzi, mukudziwa momwe woimba mbalule amatsatira mwendo wa gule pabwalo. Ndi zomwezo. Paja magule awiriwa onse UNESCO inawavomereza, Gule Wamkulu mu 2005, flamenco mu 2010.

Tsono apa ndi pomwe ife timagwa. Tinazolowera kuti nyimbo ikakoma timathandizira m'manja. Kumeneko manja anu muwasunge. Kuwomba m'manja ndi ntchito ya anthu ake omwe amakhala papulatifomu pomwepo, ena amawomba mogontha, ena mokuwa, ndipo amalukana. Mitundu ya nyimbo za flamenco ngati soleá, alegrías ndi bulería amaiwerenga mpaka 12, kugunda kwamphamvu kumagwera pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Khutu losazolowera limasokera msanga, ndipo mukalowererapo musokoneza wovina, oyandikana nanu n'kuyamba kukuyang'anani ndi diso lofiira. Dikirani amalize. Zikakugwirani mtima pakati, kufuula kuti "olé" palibe angakuletseni.

Mwina mukudabwa kuti jazi wa ku New Orleans akumana bwanji ndi gule wa ma Gitano, mtundu wa anthu a m'mizinda ya Jerez, Cádiz ndi Sevilla kumwera kwa Spain. Ukwati umenewu ndi wakale. Miles Davis, katswiri wa lipenga mu jazi, anatulutsa chimbale cha Sketches of Spain mu 1960. Paco de Lucía, katswiri wa gitala ya flamenco wobadwira ku Algeciras mu 1947, ankaimba ndi akatswiri a jazi John McLaughlin, Al Di Meola ndi Chick Corea, ndipo akuluakulu ena ankamunena kuti akuwononga mwambo. Mukaona munthu atakhalira bokosi lamatabwa n'kumalimenya ndi manja, limenelo ndi cajón, ndipo ndi Paco yemweyo anakalitenga ku Peru n'kulilowetsa mu flamenco. Musanapite mumumvereko pa YouTube, mumvereponso Chano Domínguez wa ku Cádiz, amene amaimba zimenezi pa piyano. Khutu likafika litaphunzirako.

Sindikunena kuti kusakaniza kulikonse kumakoma ayi. Pena wa sakisofoni amatalikitsa zake, wovina n'kungoima pambali kudikira. Ndiye yang'anani pa pulogalamu ngati pali woimba ndi mawu, cantaor kapena cantaora. Kwa ine flamenco yopanda mawu osasa aja, okhala ngati munthu akulira maliro, imachepa mphamvu. Ngati alipo, musazengereze.

Za zojambulazo, fikani msanga muzione anthu asanadzaze, chifukwa nthawi yopuma aliyense amakhala ndi kapu m'manja atatchinga khoma. Musadzivute kufunafuna nkhope kapena mtengo pa chithunzi chomwe ndi mitundu yokhayokha. Imani patali kaye, kenako yandikirani muone momwe penti wakhuthalira ndi momwe burashi inayendera. Ngati wojambula alipo, mufunseni, ambiri amakonda kufotokoza.

Zovala musadandaule nazo, diresi lanu la chitenje lija likwana. Foni muizimitsiretu, ndipo mufunse kaye pakhomo ngati amalola kujambula, poti malo ambiri amakaniza.