Galu akakana kubwera, yambani mwafunsa dzanja lanu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chileka. Ali ndi galu wachikuda wa miyezi 8 amene akufuna azipita naye kosaka. Akamuitana sabwera, ndipo tsiku lina atagwira nkhwali anathawa nayo n'kukaidyera kuseri kwa chulu. Funso lawo ndi lakuti amumenye motani kuti asiye khalidweli. Mawu akuti "motani" amenewa ndi amene andikhazika pansi usiku uno, magetsi atazima, ndikulemba pa foni.

Achimwene, ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndiyambe ndi Jeki.

Ine ndinakulira kwa atsibweni anga ku Lunzu. Iwo anali mlenje wodziwika, ndipo agalu awo asanu anali ndi mayina onyogodola anthu a m'mudzi, monga Mwatilankhula ndi Zaonekera, moti akamawaitana madzulo, amene ankanenedwayo ankadzimva okha. Ndili ndi zaka 12 anandipatsa kamwana kagalu koderako, ine n'kukatcha Jeki. Ndinkagona nako pakhonde, utitiri tinkagawana.

Mwezi wa Okutobala, tchire litapsa, dzuwa likuswa mtengo, tinapita ku uzimba. Agalu anavumbulutsa kalulu, ndipo amene anamugwira anali Jeki wanga. Ndinafuula dzina lake mpaka mawu kusasa. Iye anangondiyang'ana kamodzi, kalulu ali kukamwa, n'kutsetserekera kukhwawa. Anzanga anandiseka njira yonse yobwerera. Madzulo Jeki anatulukira pakhomo mimba ili ndendende, ubweya uli kukamwa, akugwedeza mchira, nabwera molunjika pamapazi anga. Ndinathyola nthyole n'kumukwapula mpaka analira ngati mwana.

Atsibweni anali pampando wa ndalema akusoka thumba. Sanandiletse. Nditamaliza anandifunsa kuti, "Wammenyera chiyani?" Ndinati wadya kalulu. Iwo anati, "Iyayi. Za kalulu anaiwala dzuwa likadali pamutu. Iwe wammenyera kubwera."

Kuyambira tsiku limenelo Jeki ankabwera ndikamuitana, koma ankaima patali pang'ono, pamene dzanja silingafike, mchira ali nawo pakati pa miyendo. Ndikasendera, iye ankabwerera m'mbuyo. Chaka chotsatira anthu a katemera wa chiwewe atabwera pa dipi, agalu onse a atsibweni anabayidwa, koma Jeki tinalephera kumugwira. Patapita miyezi ingapo analumidwa ndi galu wosokera wochita thovu kukamwa, ndipo akuluakulu anagamula kuti aphedwe. Ine sindinapite kukaona.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akunena kuti galu amamva ndi ndodo, magazi anga amawira. Ndipo pali zina zimene alenje timanamizana. Akuti usamupatse chakudya masiku awiri kuti akasake mwaukali. Ndiye mukudabwa chiyani akadya nkhwali? Inuyo mutagona ndi njala kawiri, wina n'kukupatsirani ndiwo m'manja kuti mukapereke kwa abwana, zingakafike? Ena amasinja mavu, ena tsabola, ena mpaka chamba, n'kusakaniza m'chakudya cha galu ati akhale wolusa. Zimenezo ndi nkhanza basi. Galu wosaka amafunika mphuno, mapapo ndi khutu lomva mwini wake. Ukali ndi wa galu wolondera pageti.

Pa nkhani ya chiwewe ija, musaitenge mopepuka. Kuno ku Blantyre matendawa anapha ana ambiri, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yake mumzinda uno mu 2015, pamene linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Cholinga chimakhala kubaya agalu 70 mwa 100 alionse kuti matendawa asiye kufalikira. Galu wosaka ndiye ali pachiopsezo kuposa wapakhomo, poti amakumana ndi ankhandwe ndi agalu osokera. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, sachira. Choncho galu wobwera akaitanidwa, wolola kugwiridwa pakhosi, ndi nkhani ya moyo wa ana anu, osati ya nkhwali yokha.

China chimene mavidiyo a pa YouTube sakuuzani: agalu amene mumawaona akutola bakha m'madzi n'kukamupereka m'manja mwa mwini wake ambiri ndi a mtundu wa Labrador. Makolo awo anali agalu a asodzi ku Newfoundland, m'dziko la Canada, ndipo ku Britain anawaweta mibadwomibadwo posankha okhawo onyamula chinthu osachitafuna. Wathu wachikudayu ntchito yake ndi kununkhiza, kuthamangitsa ndi kugwira. Pamenepo ndiye katswiri, ndipo sadwaladwala ngati agalu a m'mipanda ya ku Namiwawa, amene amadya bwino kuposa alonda awo. Koma kutola n'kubweretsa si zamumtundu wake. Akaphunzira kuima pa nyama n'kukusiyirani mukafika, thokozani. Akafika pobweretsa m'manja, ndiye kuti mwapata.

Komanso mukasaka kuti? Inu a ku Chileka phiri la Michiru lili pafupi, ndipo ndikudziwa kuti limakopa. Amenewo ndi malo otetezedwa, musayerekeze kulowamo ndi agalu. Chimodzimodzi Majete ndi Lengwe ku Chikwawa. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Galu sadziwa lamulo, amagwira chimene wapeza, koma womangidwa ndinu. Pitani mukafunse ku ofesi ya nthambi yoona za nyama zakutchire kuti akuuzeni zololedwa. Ndipo chonde, za kutentha tchire chifukwa cha kalulu mmodzi tisiye. Taonani mmene phiri la Ndirande linayerera.

Nanga muchite chiyani?

Siyani kaye kupita naye kutchire kwa mwezi wathunthu. Sankhani kaitanidwe kamodzi, kaya dzina kaya likhweru, ndipo musasinthesinthe. Yambani pabwalo pa nthawi ya chakudya: muitaneni kamodzi, akafika mugwireni pakhosi mofatsa, kenaka mumupatse kausipa kapena kambamu ka nsima. Kenaka mumangirireni chingwe chachitali, cha mamita ngati 10, mupite naye kumunda. Akanyalanyaza, kokani pang'onopang'ono popanda kukalipa, ndipo akafika mupatsenibe. Nthawi zambiri mukamuitana muzimumasulanso apite kukasewera, asamaganize kuti kubwera ndiye kutha kwa chisangalalo. Akathawa musamuthamangitse. Thawani inuyo, adzakutsatirani.

Za kutola, kulungani sokosi yakale ndi nthenga za nkhanga, muponye pafupi, chingwe chili pakhosi. Akanyamula, bwererani m'mbuyo mukumuitana. Musalimbirane naye. Muonetseni usipa, atsegula yekha kukamwa, inu n'kunena kuti "siya". Katatu kapena kanayi patsiku n'kokwanira, mulekeze iye akadafunabe. Tsiku lokasaka adyeko pang'ono m'mawa, ndipo akagwira nyama, matumbo ndi ake, koma alandire kuchokera m'dzanja lanu, kunyumba, mutawaphika chifukwa cha nyongolotsi.

Poti wanuyo analawa kale nkhwali, zitenga nthawi, mwina mpaka dzinja lidutse. Ndipo nthenga zija musatenge za nkhuku. Mnzanga wa ku Machinjiri anachita zimenezo, galu wake anaphunzira bwino kwambiri, moti m'mawa wina anamubweretsera tambala wa aneba mpaka pakhomo la kuchipinda. Nkhaniyo inakathera kwa amfumu, ndipo analipira atambala awiri.